Ku Normandy anatsikiranji nyanja itaphwa?

Wa ku Matawale:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pa 6 Juni 1944, pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, asilikali pafupifupi 156,000 a Amereka, Britain ndi anzawo analowa ku Normandy, ku France, ambiri kudzera m'magombe asanu. Chikundizunguza mutu n'chakuti anafika madzi ataphwa, moti pa gombe la Omaha anthu anayenda mamita ngati 300 pamchenga poyera, mfuti za Ajeremani zikulira. Bwanji osadikira madzi adzaze, maboti akawatule pafupi ndi mtunda? Ngakhale pa Kachulu woyendetsa boti amayesetsa kukutula pouma.

Che Mbiri, Chinamwali:
Achimwene, Chilwa asakunamizeni. Nyanja yathuyi imaphwa pang'onopang'ono kutengera mvula, koma ya kumeneko imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo madzi amakwera mamita ngati 6. Rommel, mkulu wa asilikali a Ajeremani kumeneko, ankaganiza ngati inu, kuti adani adzabwera madzi atadzaza. N'chifukwa chake anazika mitengo yopendeka yokhala ndi mabomba kunsonga, ndi zitsulo zopingasa, pamalo amene madzi amamiza akakwera. Madzi akadzaza zonsezi sizioneka, boti limangong'ambika kumimba.

Choncho Amereka ndi Angerezi anasankha kufika madzi atangoyamba kubwerera. Akatswiri ophulitsa ankaziona zotchingazo ndi maso, ndipo anali ndi mphindi ngati 30 madzi asanazimize. Phindu lina n'lakuti boti likatula anthu, madzi okwerawo amalinyamula n'kubwerera kukatenga ena. Likatula madzi akuphwa limatsala pamchenga, n'kutsekera anzake njira.

Pa Omaha anakonza zotsegula mipata 16, koma inatseguka yochepa chabe. Asilikali anzawo ankabisala kuseri kwa zitsulo zomwezo, ndiye uphulitsa bwanji mnzako ali pompo?

Komanso si madzi okha. Sitima zinkafunika mdima powoloka, oponya mizinga ankafuna kuwala pang'ono kuti aone cholinga, odumpha ndi maparachuti ankafuna mwezi. Zonsezi zinkakumana pa 5, 6 ndi 7 Juni basi. Ngakhale ola silinali limodzi: Amereka anatsika 6:30, Angerezi pa magombe a Gold ndi Sword 7:25, poti madzi amayamba kukwera chakumadzulo.

Bambo a Chikondi:
Che Mbiri mwalasa, ndingowonjezera za mphepo. Tsiku limene anasankha poyamba linali 5 Juni. Eisenhower, mkulu wa asilikali onse otsikawo, anasuntha ndi tsiku limodzi katswiri wa zanyengo James Stagg atamuuza kuti mphepo ilekerako pa 6. Inalekerako, koma mafunde anali akadali aakulu.

Taonani za akasinja oyandama a Sherman. Ankawaveka chinsalu cholimba mozungulira, chimene ankachiimika ndi mpweya, kumbuyo n'kukhala ndi zopalasira ziwiri. Anapangidwira madzi abata. Gulu lina pa Omaha linawatsitsa makilomita ngati 5 kuchokera kumtunda, mafunde ali pafupifupi mamita awiri. Mwa akasinja 29, 27 anamira. Gulu linzake litaona nyanjayo linakawatula pamchenga penipeni. Kwa ine cholakwika sichinali chidacho, koma kuumirira dongosolo la papepala nyanja itasintha.

Koma nkhondo yotere sithera pa tsiku lotsika. Munthu watsika lero, mawa akufuna chakudya, zipolopolo ndi mafuta. Ku Dieppe, doko la ku France, mu Ogasiti 1942 anaphunzira kuti kulimbana ndi doko lotetezedwa maso ndi maso n'kudzipha, ndiye ulendo uno anakoka madoko awo awiri kuchokera ku England, otchedwa Mulberry. Namondwe amene anayamba pa 19 Juni anaphwasula la pa Omaha, n'kutsala la ku Arromanches. Ndipo masiku amenewo ndi omwe akanatsika akanaphonya sabata yoyamba ija.

Wa ku Matawale:
Zikomo akuluakulu, ndamvetsa. Nanga asilikali athu a KAR (King's African Rifles) analiko?

Mayi a ku Sadzi:
Ayi achimwene, ku Normandy kunalibe KAR. Athu anatsikira ku Madagascar. Pa 10 Seputembala 1942 Angerezi analanda doko la Majunga m'bandakucha, kenako gulu la 22nd East African Brigade, momwe munali batalioni ya ku Nyasaland, linatsika n'kuyamba ulendo wa pamsewu. Afalansa a boma la Vichy, logwirizana ndi Ajeremani, sanalimbe pagombe, koma anawononga milatho ndi kutseka msewu malo ambirimbiri ndi mitengo ndi miyala. Ntchito yaikulu inali kuchotsa zotchinga ndi kuwolotsa magalimoto pamitsinje. Analowa mu Tananarive, likulu la Madagascar, pa 23 Seputembala, ndipo Afalansa anagonja pa 6 Novembala.