Nseru yandivuta, ndithandizeni amayi anzanga

NaBanda: Mimba yanga yoyamba yakwana masabata 8. Ndikangodzuka ndimasanza, ndipo fungo la usipa wokazinga sindilifuna n'komwe. Kodi zimenezi zimatha liti?

Amake Chisomo: Pepani achemwali. Ine zinasiya pa masabata 14. Ndinkasunga mabisiketi pafupi ndi bedi, n'kudya ndisanaponde pansi. Musamakhale ndi njala, muzidya pang'onopang'ono kangapo patsiku.

NaPhiri: Ine tiyi wa jinja wopanda mkaka ankandithandiza. Mapiritsi owonjezera magazi akusikelo aja ndinkamwa pogona, chifukwa m'mawa ankandiwonjezera nseru.

Azakhali: Mwanawe, ukaona kuti ngakhale madzi sakukhala m'mimba tsiku lonse, mkodzo wada, ukumva chizungulire, thamangira kuchipatala. Usadikire tsiku la sikelo.

NaBanda: Zikomo azakhali. Madzi akukhalabe, jinja ndikagula lero.