Resistor ya fani ya Vitz yapsanso kachiwiri

Wa ku Area 25: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Vitz ya mayi wina, AC yake ndi yopotokola ija, osati ya mabatani. Inabwera fani ikuzungulira pa speed yomaliza pokha, zinazo zii. Ndinakagula resistor, kachipangizo kochepetsa speed ya fani, ku Biwi, kuika, zonse zinayamba kugwira. Patangotha sabata ziwiri abweranso, vuto lomwe lija. Kutentha kwa Okutobala kuno mayi apsa mtima, ndipo sindikuwada, ndalama analipira. Kodi anandigulitsa yachinyengo?

Wa ku Kawale: Fyuzi mwaiona?

Wa ku Area 25: Ili bwino achimwene. Ikanapsa, ngakhale yomalizayo sikanazungulira.

Madala a ku Biwi: Mphwanga, usanapite kukakangana ndi wogulitsa, funa chimene chikuwotcha resistor. Pa ma Toyota amenewa moto umafika pa mota nthawi zonse fani ikayatsidwa, resistor ili ku mbali ya earth. Speed yomaliza sidutsa mu resistor, n'chifukwa chake imatsala yokha. Ndiye taona pamene anaiika: ili m'njira ya mphepo momwemo, kuseri kwa glove box, kuti mphepo ya fani iziiziziritsa. Mphepo ikachepa, kapena mota ikamalimba n'kumadya moto wambiri, kafyuzi kakang'ono ka kutentha kali pa resistor kamaduka. Ukaika ina osachotsa gwero lake, ipsanso basi. Masula mota, ndi ma screw atatu pansi pa dashboard kumanzere, uizungulitse ndi chala. Yabwino imapitirira kuzungulira ukaisiya. Uonenso filter yosefa mphepo ya fani, ndi pulagi ngati sinasungunuke.

Wa ku Mchesi: Ine ndimangolumphitsa kafyuzi kameneko ndi waya, galimoto n'kumapita. Kasitomala sabweranso.

Madala a ku Biwi: Ayi achimwene, chonde musamuphunzitse zimenezo mwanayu. Kafyuziko anakaika dala. Resistor yazunguliridwa ndi pulasitiki, ndipo m'menemo mumakhala masamba ouma. Mukalumphitsa, kutentha kulibe choletsa. Ndinaonapo ndi maso anga bokosi la heater litasungunuka mpaka kudontha pa kapeti, m'galimoto yonyamula ana a sukulu. Mtengo wa resistor sungafanane ndi zimenezo.

Wa ku Kawale: Ngati muli ndi clamp meter, chida choyezera magetsi, muyezenso ma amp, kuchuluka kwa moto umene mota ikudya, pa speed yomaliza, mufanizire ndi Vitz ina yabwinobwino. Kusiyana kwake kuoneka msanga.

Wa ku Area 25: Madala munanena zoona. Ndamasula. Filter yachita kufiira ndi fumbi, yauma gwa ngati chigumu, kuiika padzuwa kuwala sikudutsa. M'kati mwa fani ndatulutsamo chisa cha khoswe: tizidutswa ta nsalu, makoko a mtedza ndi njere za chimanga zodzadza dzanja. Mayi akuti galimoto imagona pafupi ndi matumba a chimanga. Mota nayo ikulimba, ndikaisiya imaima pomwepo, ndipo mabulashi, timakala tolowetsa moto m'kati mwa mota, atsala pang'ono kutha. Akuti inkalira kwiii m'mawa kuyambira nthawi yozizira ija, ine sindinawafunse poyamba paja. Pamenepo ndinalakwitsa ndine, ndiye resistor yachiwiriyi ndigula ndi ndalama zanga. Funso ndi lakuti, ndiike mabulashi atsopano n'kuthira oyilo pa bush, pamene pamazungulira kachitsulo ka pakati pa mota (shaft), kapena ndifune mota ina?

Madala a ku Biwi: Gwedeza shaft. Ngati sikusewera, ndipo pamene pamakhudza mabulashi sipanakumbike, tsuka, ika mabulashi, dontheza oyilo wopepuka pang'ono, ikhalitsa. Ngati ikusewera, oyilo angoitontholetsa masiku ochepa, funa ina. Ya m'galimoto yophwasula uiyese pa batire pomwepo usanapereke ndalama, umvetsere kulira kwake.

Wa ku Area 25: Ikusewera madala, mpaka fani ikukhudza m'mbali. Mawa m'mawa ndidutsa konko, ndinyamula yakaleyi kuti tikafanizire pulagi.