Ndithandizeni abale, kodi Mulungu sangandimvetse?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse a pagulu pano. A admin chonde dzina langa lisaoneke, amayi ena a Mvano yathu ali mommuno ndipo nkhani sagona nayo.

Ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi ku Ntcheu, ku Joni kuno ndinabwera mu 2017. Zaka zinayi zapitazi ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa adona ena cha ku Randburg. Kuchapa, kusita, kukolopa, kulera mwana wawo kuyambira ali wakhanda mpaka wayamba sukulu. Sindinatengepo ngakhale supuni. Ndalama ndikazipeza m'thumba la thalauza la abwana pochapa ndinkaziika patebulo la kukhitchini n'kutsamiritsa ndi kapu. Koma anandichotsa, akuti zinthu zavuta. Malipiro a mwezi womaliza anati atumiza, mpaka pano foni sakuyankha.

Ndikukhala ku Rosettenville, chipinda chimodzi tagawana awiri, pakati katani. Mnzangayo amandithera gasi kuphika nyemba, ndikalankhula akuti ndine Mkhristu wanji wowerengera. Kumudzi nako mlamu wanga ndinamutumizira ndalama za malata 28, anagula 12 okha, otsalawo akuti mitengo inakwera, koma mkazi wake watsegula kaokala. Bambo a anawa anakwatira kwina, sathandiza. Mwana wanga wapakati ali Fomu 3, amubweza kawiri chifukwa cha fizi. Kutchalitchi amayi amene ndinkawasonkhera pa maliro a abale awo angondiuza kuti tikupemphererani, osafunsa kuti mwadya.

Chakhumi sindinadumphepo. Ndasala kudya masiku atatu, ndakwera phiri la ku Yeoville m'bandakucha kuzizira konseku mpaka zala kuuma. Kuli zii.

Tsopano mnzanga wina wandipezera njira. Akuti ndikangovomera, lendi ndi fizi zitheka mwezi womwe uno. Koma mtima wanga ukuikana njirayo, ndikagwada kuti ndipemphere mawu sakutuluka. Yankho akulifuna Lachisanu. Kodi nditavomera kwa miyezi iwiri yokha kenako n'kusiya, Mulungu sangandimvetse? Nanga ndikakana, ana anga adya chiyani? Ndithandizeni, sindikugona.

Make Tadala:
Pepani kwambiri asisi. Koma njirayo ndi yotani? Tikuthandizani bwanji osaidziwa?

Mkulu wa Mpingo ku Turffontein:
Mayi, mvetserani bwino. Njira imene mukulephera kuitchula ngakhale dzina lanu labisidwa, imeneyo ndi ya mdima. Mwadziyankha nokha. Yobu anali ndi nkhosa 7,000, ngamila 3,000, ana 10, zonse zinapita tsiku limodzi. Mkazi wake yemwe anamuuza kuti atukwane Mulungu afe, iye anakana. Inu yatha ndi ntchito imodzi mwayamba kale kuwerenga miyezi yochimwa? Tchimo la miyezi iwiri kulibe! Satana sabwereketsa, amagula. Werengani Danieli 3. Anyamata atatu aja, Sadrake, Mesake ndi Abedinego, sanauze mfumu kuti tigwada lero lokha. Anati Mulungu wathu akhoza kutipulumutsa, koma ngakhale asatipulumutse fano lanulo sitiligwadira. Chikhulupiriro ndi chimenecho. Komanso dzifufuzeni. Mukuti chakhumi simunadumphe, nanga ndalama ya thiransipoti ndi bonasi ya Khirisimasi munkachotsapo? Malaki 3 sanama.

Mlongo wa ku Berea:
Amayi, funso limodzi lofunika: anakuchotsani tsiku liti? Ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, nkhani yochotsedwa ntchito mosayenera imafunika kukatulidwa pasanathe masiku 30. Salipiritsa. Mumalemba fomu yotchedwa 7.11. Munthu wa ntchito ya m'nyumba amene wapitirira miyezi 6 amayenera kupatsidwa notisi ya milungu inayi, ndipo ngati akuti ndalama zawathera ayenera kukupatsani malipiro a mlungu umodzi pa chaka chilichonse chimene mwagwira. Tiuzeni tsiku.

Mwana wa Sabata:
Ine ndikudziwa, ndi nkhani ya kugwira ntchito tsiku lopatulika. Ine anandichotsa pa galaja ina mu 2019 chifukwa ndinakana kubwera Loweruka. Miyezi isanu ndinkagulitsa masokosi pafupi ndi Park Station, kuthamangitsana ndi apolisi a mzinda, tsiku lina kugona ndi madzi okha. Lero ndili ndi ntchito ya Lolemba mpaka Lachisanu. Koma funso n'lakuti, amayiwa akusunga tsiku lenileni? Eksodo 20 akuti lachisanu ndi chiwiri.

Mkulu wa Mpingo ku Turffontein:
Achimwene, musabweretse za Sabata pano. Yesu anauka tsiku loyamba la mlungu. Tinakambirana kale nkhaniyi mwezi watha munathawa.

Mwana wa Sabata:
Sindinathawe akulu, bandulo inatha. Ndionetseni vesi limene linasintha tsiku.

Mnyamata wa pa Jeppe:
Ngati njirayo ndi yogulitsa mowa m'shabini, amayi kanani ndithu, koma nambala ya mnzanuyo mundiponyere ine, ndili pa ulova chaka chino chachiwiri.

NaPhiri wa ku Tembisa:
Iwe mnyamata, munthu akulira iwe ukuseka? Amayi, ine ndine mzimayi mnzanu, ndikudziwa njira zimene anzathu amatipezera. Ndi mwamuna ameneyo. Ine zinandichitikira. Ntchito itatha, mnzanga anandipezera bambo wina woyendetsa mathiraki, akuti azingondilipirira lendi. Ndinati miyezi itatu yokha. Zinatha zaka ziwiri, mkazi wake anabwera kudzanditukwana pageti anthu akuonerera, kutchalitchi anandidula, yunifolomu yanga ya Mvano inakhala m'sutikesi mpaka bulauzi inasanduka yachikasu m'mapindiro. Tsiku limene ndinaitulutsa ndinalira ngati pamaliro. Ndipo mnzanga anandipezera uja ndi amene anayamba kufalitsa nkhani. Musayerekeze.

Make Tadala:
NaPhiri, eni ake sananene kuti ndi mwamuna. Mwina ndi za mapepala a munthu wina.

Mkulu wa Mpingo ku Turffontein:
Kaya ndi mwamuna, kaya mapepala, kaya kwa sing'anga, yankho ndi limodzi: AYI. Yosefe kwa Potifara anasiya malaya m'manja mwa mayi uja n'kuthawa. Anamangidwa wosalakwa, koma kundendeko n'kumene Mulungu anamukwezera. Vuto la Akhristu a ku Joni ndi lakuti mukawoloka Beitbridge Mulungu mumamusiya ku Mwanza. Kumudzi madikoni, kuno matchona a m'mabala. Ine ndakhala kuno kuyambira 2006. Mu Meyi 2008 zipolowe zothamangitsa alendo zitayamba ku Alexandra, anthu 62 anafa dziko lonse, ine ndinagona pabwalo la polisi ndi Baibulo lokha pachifuwa, katundu yense atapita. Sindinabe, sindiname. Ndiye wina asandiuze kuti mavuto ndi chilolezo. Mayi, salaninso masiku 7.

Atate ake Yamikani:
Akulu a mpingo, ndi ulemu wonse, munthu amene alibe chakudya mukumuuza asale chiyani? Mwatchula Yobu, malizani nkhaniyo. Anzake atatu aja, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anayamba akhala naye pansi masiku 7 osalankhula kanthu. Atatsegula pakamwa n'kuyamba kumufufuza machimo, pa mutu 42 Mulungu anawakwiyira iwowo, osati Yobu. Inu mayiwa simunawafunse n'komwe ngati adya, mwathamangira bonasi ya Khirisimasi. Pa Yakobo 2 palembedwa za munthu wouza m'bale wausiwa ndi wanjala kuti pita ukafunde ukakhute, osamupatsa kanthu. Mpingo wanu uli ndi thumba la osowa? Litsegulidwe.

Mkulu wa Mpingo ku Turffontein:
Bambo, ine ndadzozedwa ukulu zaka 14 zapitazo. Inu mumapemphera kuti? Anthu osapereka chakhumi ndi amene amakonda kufunsa za thumba la mpingo.

Atate ake Yamikani:
Ndimapemphera, ndipo ndimapereka. Funso langa simunayankhe.

Mlongo wa ku Berea:
Abale, masiku akutha mukukangana. Amayi, musafufute mauthenga a pa WhatsApp a adonawo, makamaka pamene analonjeza kutumiza ndalama. Sungani ndi mauthenga a kubanki ngati ankakulipirani kudzera kumeneko. Ngakhale mapepala anu atakhala kuti sali bwino, khoti la za ntchito kuno linagamula mu 2008 kuti munthu wotere ndi wantchito ndithu ndipo akhoza kudandaula ku CCMA. Komanso onani ngati ankakupatsani zokwana, pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa anaikidwa pa R28.79 pa ola, ndi a m'nyumba omwe. Anakuchotsani liti?

Mkulu wa Mpingo ku Turffontein:
Mkhristu sathamangira kubwalo la milandu. 1 Akorinto 6. Musiyireni Mulungu, kubwezera n'kwake.

Mlongo wa ku Berea:
Akulu, pamenepo Paulo ankanena za abale a mumpingo kusumirana okhaokha. Paulo yemweyo pa Machitidwe 25 anapempha kuti mlandu wake ukamveke kwa Kaisara. Ndipo Yakobo 5 vesi 4 akuti malipiro a antchito amene abwana awakaniza amafuula mpaka kumwamba. Kufunsa thukuta lako si kubwezera.

Mtumiki wa Moto:
Mayi uwu ndi mzimu wakumudzi, mlamu wanuyo anakumangani. Bwerani ku inbox ndikulumikizeni ndi munthu wa Mulungu, mafuta odzozedwa R350 yokha, pakutha pa masiku atatu adona akuimbirani okha.

NaPhiri wa ku Tembisa:
A admin chotsani uyu! Munthu alibe ya lendi inu mukufuna R350 yake? Ine aneneri otere anandidyera ndalama zokwana kugula bedi ndi matiresi.

Gogo wa ku Mayfair:
Mwana wanga, Joni sanayambe lero kuliza anthu. Bambo anga anabwera ndi Wenela kudzakumba m'migodi. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 anathera pomwepo, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Mayi anga anakhala milungu osadziwa ngati bambo anali m'ndegemo. Madzulo alionse ankatisonkhanitsa pamkeka, nyali ya koloboyi pakati, kuimba nyimbo imodzi ndi kupemphera, ndipo m'mawa ankalawira kudimba kukathirira mpiru wogulitsa. Sanasiye chimodzi chifukwa cha chinzake. Iwe pemphera, koma mawa uvale juzi uyende m'mageti kufunsa ntchito ya tsiku, ngakhale yochapa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mtima ukamakana, umvere, si iwe wekha ukukana mmenemo.

Mbale wa ku Mulanje:
Ine ndingoti bwererani kumudzi. Msuweni wanga ntchito itamuthera anasamukira m'nyumba zotchipa za m'tauni muja, moto wa ku Marshalltown wa pa 31 Ogasiti 2023 umene unapha anthu 76 unamupeza mmenemo. Anapulumuka podumpha pawindo, mwendo mpaka lero sayenda bwino. Kumudzi sulipira lendi, ndipo palibe wokuopseza ndi Lindela, kumene amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo.

Make Tadala:
Kumudzi kwake kuti achimwene? Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza mwalifunsa mtengo? Inuyo a ku Mulanje mukudziwa zimene Freddy anachita. Akapita onse kumudzi, fizi atumiza ndani?

Mbale wa ku Mulanje:
Bola kudya chinangwa uli moyo.

Mkulu wa Mpingo ku Turffontein:
Nonsenu mukulankhula za thupi. Feteleza, CCMA, lendi. Habakuku 3 akuti ngakhale mkuyu usaphuke, ngakhale m'khola musakhale ng'ombe, ndidzakondwerabe mwa Yehova.  1 Akorinto 10 vesi 13, Mulungu salola kuti muyesedwe kopitirira mphamvu zanu, ndipo amaika populumukira. Mayi, mnzanuyo m'bulokeni lero lomwe. Ndipo Lamulungu muvale yunifolomu mukhale kutsogolo, Satana achite manyazi.

Atate ake Yamikani:
Populumukirapo mwina ndi thumba la mpingo lija, akulu.

Make Chikondi wa ku Randburg:
Asisi, adona anga ali ndi mnzawo akufuna munthu wa Lachiwiri ndi Lachinayi, kusita ndi kukolopa basi. Si zambiri koma gasi ndi ufa zitheka. Nditumizireni uthenga kudzera kwa admin. Za fizi, muimbireni mphunzitsi wamkulu nokha mupemphe kulipira pang'onopang'ono, musatumenso mlamu uja.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndawerenga zonse ndikulira. NaPhiri, si za amuna ayi, zimenezo sindingachite. Si za sing'anga. Sindingathe kuzilemba pano chifukwa mnzangayo alinso m'gulu lino ndipo anandisunga kwake milungu itatu nditangofika ku Joni, sindikufuna kumuyalutsa. Akulu a mpingo, bonasi ndinkachotsa, thiransipoti yokha ayi, kodi n'kutheka kuti n'chifukwa chake? Agogo, mawu anu andikhudza, mayi anganso ankatero. Make Chikondi ndikufunani. A ku Berea, anandichotsa kusanayambe kuzizira kwenikweni, koma ndimaopa kupita kumaofesi. Usiku wapitawu mnzanga wa m'chipinda uja wandigawira nsima ndi nyemba zomwe zija, ndinachita manyazi. Eni nyumba ati pofika pa 1 ndikhale nditalipira kapena nditulutse katundu. Lachisanu ndi mkuja.

Mwana wa Sabata:
Akulu, vesi lija ndikudikirabe.

Mlongo wa ku Berea:
Amayi, kusanazizire ndi liti, Epulo kapena Meyi? Yang'anani pa foni tsiku la uthenga womaliza wa adona. Ngati masiku 30 apitirira pali fomu ina yopempha kuti akulandirenibe mochedwa, mumafotokoza chifukwa. Ngati mukuopa, ine Lachinayi ndili pa ofu, ndikuperekezani. Tikumane pa Park Station 8 koloko, mutenge pasipoti ndi foniyo.