Sola ili pakhomo pompano, nanga bwanji madzulo timakhala mumdima?

NaPhiri_Salima:

Moni nonse muno. Ine ndili ndi kagolosale kuno ku Salima, ndipo chimene chimandibweretsera ndalama kwenikweni ndi firiji: zakumwa zozizira ndi nsomba. Kufupi ndi kwathu kuli mapanelo a sola ambirimbiri aja anatsegula mu 2021, akuti amapanga mamegawati 60. Tsono chondizunguza mutu n'chakuti magetsi amathimabe kuno, makamaka madzulo. Kodi magetsi onse amenewa amapita ku Lilongwe, ife n'kungoonera? Nanga sangasunge a masana kuti tigwiritse ntchito usiku? Odziwa ndithandizeni, koma musandilankhulire za m'mabuku.

AGondwe_Zamagetsi:

Mayi NaPhiri, mwafunsa bwino. Ine ndinakalambira pa ntchito yokonza mamota ndi mawaya m'mafakitale a ku Blantyre, ndiye ndiyankha monga ndinkaonera.

Choyamba, palibe magetsi a ku Salima ndi a ku Lilongwe. Mapanelo amenewo amalumikizidwa ku sabusiteshoni ya Nanjoka, ndipo akalowa mmenemo asakanikirana ndi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ochokera ku Wovwe ku Karonga, ndi a majenereta a dizilo. Kuyambira 2017 ntchitoyi inagawidwa pawiri: EGENCO pamodzi ndi makampani ena apadera amapanga magetsi, ESCOM imagula, kunyamula ndi kugawa. Masana dzuwa likamaswa mtengo, n'kutheka ndithu kuti firiji yanu ikuyendera sola yomweyo, poti ndiyo ili pafupi. Koma palibe waya wolembedwa dzina la Salima.

Chachiwiri ndiye chachikulu, ndipo anthu ambiri sachikhulupirira: m'mawaya simusungidwa magetsi. Amene mukuyatsira babu pano apangidwa pompano. Nthawi iliyonse, opangidwa ayenera kufanana ndi ogwiritsidwa ntchito. Munaonapo chigayo akachithira chimanga chambiri nthawi imodzi, mmene injini imalemedwera, kulira kwake n'kutsika? Makina a ku Nkula amateronso. Amayenera kuzungulira mwakuti magetsi azisinthasintha ka 50 pa sekondi. Anthu akayatsa zinthu zambiri kuposa mphamvu imene ilipo, makina onse m'dziko muno amayamba kufooka limodzi, ndipo akatsika kwambiri amadzizimitsa okha podziteteza. Zikatero dziko lonse lili mumdima, ndipo kuwadzutsanso kumatenga maola. N'chifukwa chake oyang'anira amayamba adula dera lina dala, kuti otsalawo apulumuke. Tsiku lina dera limenelo limakhala lanu.

Tsono taganizirani nthawi imene mukudandaulayo. Kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo mpaka cha m'ma 9, aliyense wabwera kunyumba, wayatsa mababu, TV, mbaula ya magetsi, ena giza. Ndi nthawi yomweyo imene dzuwa likulowa, mamegawati 60 aja n'kutsika mpaka ziro. Pafupifupi katundu yense amagwera pa Shire.

Ndipo Shire ali ndi mavuto ake. Nkula A inayamba mu 1966, kenako Tedzani, Nkula B, ndi Kapichira mu 2000, zonse zondondozana pa mtsinje umodzi, pa mathithi a pakati pa Matope ndi Chikwawa. Madzi amene azunguza makina ku Nkula ndi omwewo amakazunguza ku Tedzani n'kutsikira ku Kapichira. Ndi nzeru yabwino, madzi amodzi kugwira ntchito katatu, koma vuto likagwa limagwera onse. Nyanja ikaphwa, ngati mu 2016 ndi 2017, onse amafooka, ngakhale atayesetsa bwanji kusunga madzi pa baraji ya ku Liwonde. Mvula ikachuluka ndiye kumabwera matope, zinyalala ndi namasupuni, n'kutseka masefa a polowera madzi, mpaka makina kuwaimitsa kuti achotse. Anthu amadabwa kuti magetsi athima bwanji madzi ali tho, osadziwa kuti dothi la m'minda ya ku Balaka ndi Ntcheu lakathera m'damu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka usiku umodzi, ndipo anabwereranso mu 2023.

Funso lina limene mwina muli nalo: laini yaikulu ikaduka masana, bwanji sola osangopitiriza kudyetsa Salima yokha? Makina amene amasandutsa magetsi a mapanelo kukhala a m'mawaya, ma inverter aja, amatsatira kayendedwe ka magetsi amene awapeza kale pa laini. Akaona kuti palibe, amazima nthawi yomweyo. Anawapanga dala choncho, chifukwa pakhoza kukhala munthu pamwamba pa polo akukonza waya ali ndi chikhulupiriro chakuti ndi wakufa.

Zosunga magetsi zilipo, koma n'zodula. Ku Golomoti, m'boma la Dedza, kuli sola ya mamegawati 20 yokhala ndi mabatire otha kutulutsa mamegawati 5 kwa maola awiri. Amathandiza mtambo ukadutsa kapena madzulo kukangoyamba, koma sangafikitse dziko mbandakucha. Kwa ine batire lathu lenileni ndi nyanja ya Malawi: masana sola ikamagwira, makina a madzi akhoza kupumako, madzi n'kusungidwa kudikira madzulo. Kungoti madamu a pa Shire ndi aang'ono, ndipo matope awachepetsanso.

Chiko_Joni:

A Gondwe mwalongosola, ine ndingowonjezera za kuno. Ku South Africa magetsi ambiri ndi a malasha. Mukamayenda msewu wa ku Mpumalanga mumaona nsanja zikuluzikulu za simenti zikufuka, anthu amati ndi utsi koma zambiri ndi nthunzi. Amaotcha malasha, madzi amawira, nthunzi imazunguza makina. Ngakhale ku Koeberg kufupi ndi Cape Town, kumene amagwiritsa ntchito nyukiliya, mapeto ake ndi omwewo, kuwiritsa madzi. Siteshoni imodzi ya Kusile ili ndi makina 6, ndipo amodzi okha amaposa onse a pa Shire kuwaphatikiza. Komabe mu 2023 kuno magetsi ankathima pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa makina akale ankangowonongeka. Ena mwa magetsi a kuno amachokera ku damu la Cahora Bassa ku Tete, m'dziko la Mozambique, pafupi ndi kwathu komweko, kuyenda mtunda wa makilomita oposa 1,400.

AGondwe_Zamagetsi:

Achimwene a ku Joni, pamenepo mwakhudza nkhani ya mtunda, imene ndinaidumpha. Waya aliyense amatentha magetsi akamadutsa, ndipo kutenthako ndi magetsi otayika. Njira yochepetsera ndi kukweza mavoti (ma volt), ndiko kuti mphamvu yokankhira magetsi m'waya. Jenereta imatulutsa mavoti pafupifupi 11,000, thiransifoma ya pa siteshoni n'kuwakweza kufika 66,000 kapena 132,000. Laini ya Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma ndi ya 400,000. Akayandikira tauni amawatsitsa kufika 33,000 kapena 11,000, ndiye kathiransifoma ka pa polo kaja kamawatsitsa komaliza kufika 230 a m'nyumba, kapena 400 a chigayo. Mukaona kuti kwanu kwathima koma tsidya la msewu kukuyaka, musalimbane ndi Shire. Kawirikawiri ndi fyuzi kapena thiransifoma ya m'dera lanu, mwina yalemedwa poti nyumba zachuluka, mwina akuba aikhetsa mafuta.

Za Tete zo, laini yochokera ku Matambo kudzafika ku Phombeya cholinga chake n'chomwecho, kuti Shire akafooka tizitha kugula kwa anzathu.

Tembo_waChipata:

Kugula kwa anzanu n'kwabwino ngati anzanuwo ali nawo. Ife ku Zambia tinadalira Kariba, ndiye chilala cha 2024 chinatiphunzitsa. Madzi anatsika mpaka pa makina 6 a tsidya lathu panatsala amodzi okha oyenda, ndipo madera ena ankakhala maola oposa 20 opanda malaiti. Zimbabwe imamwa damu lomwelo, nayonso inali pa mavuto. Chimene chinatigwirako ndi malasha a ku Maamba, mamegawati 300. Owotcherera ndi ometa ankagwira ntchito pakati pa usiku, nthawi imene malaiti abwera.

NaPhiri_Salima:

Zikomo nonse, makamaka bambo Gondwe. Ndiye poti a masana sangandisungire, ndigule sola yangayanga ya firijiyi? Wina akutsatsa panelo imodzi ndi batire ya galimoto.

AGondwe_Zamagetsi:

Batire ya galimoto ayi, mayi. Inapangidwa kuti ilize injini kamphindi kenako idzazidwenso, ndipo mukamaikhetsa usiku uliwonse siichedwa kufa. Funsani ya sola yeniyeni, ya lithium ngati thumba likulola. Chinanso, mota ya firiji ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa imene yalembedwa kumbuyo kwake, ndiye inverter yaing'ono imangolira n'kuzima. Musanalipire, wogulitsayo abwere ayese pa firiji yanu yomweyo, inu mukuona.

Pakadali pano dzazani mabotolo a madzi muwaike pansi m'firijimo kuti aume magetsi akalipo. Nsomba zikhale pansi pafupi ndi mabotolowo, zakumwa pamwamba, ndipo magetsi akathima muzitsegula pokhapokha kasitomala watulutsa ndalama.