Zigamba zakuda m'masaya pa zaka 47: kodi mafuta oteteza ku dzuwa ndi a ifenso?

Membala wobisa dzina

Amayi anzanga, mwaswera bwanji? A admin chonde mundibisire dzina, muno muli alamu anga awiri komanso anthu a kumpingo kwathu.

Ndine mayi wa zaka 47, ana anayi, womaliza ali Fomu 2. Ndimagulitsa mbatatesi, kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lizulu, ndipo geni imeneyi ndakhala nayo zaka zoposa 15. Basi ikangoima timathamanga ndi mbale m'manja, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kashedi ndili nako, koma ukati ukhale pamthunzi ndiye kuti kasitomala wamupereka kwa mnzako.

Vuto langa ndi nkhope. Zigamba zakuda zinayamba ndili ndi pakati pa mwana womalizayu, koma nditachira zinazilala zokha. Zaka ziwiri zapitazi zabweranso, m'masaya monse muwiri, pachipumi, ndi pamwamba pa mlomo ngati ndikumera ndevu. Siziyabwa, sizipweteka, koma manyazi. Kusamba nakonso kwayamba kudumphadumpha, usiku thukuta kamukamu, khungu louma ngati chikopa cha ng'oma.

Chaka chatha mayi wina anandigulitsa mafuta osakaniza yekha m'kabotolo kopanda dzina, ndi kachubu kena koti ndizithiramo. Masabata atatu oyamba ndinawala, mpaka bambo a kunyumba anafunsa ngati ndayamba kudya ndalama za banki m'khonde. Pano patha miyezi khumi. Khungu lapyapyala, timitsempha tikuonekera, tiziphuphu mbwee, ndipo ndikaima padzuwa kumaso kumayaka ngati ndapaka tsabola. Ndikasiya masiku atatu nkhope imatupa ndi kuyabwa, ndiye ndimabwereranso. Zigamba zija zada kuposa kale.

Mwana wanga wa ku Lilongwe akuti ndigule sunscreen, mafuta oteteza ku dzuwa. Ndinamuseka, ndinati zimenezo ndi za azungu ndi abale athu achialubino. Komanso kuno kumazizira, mu June timavala majuzi awiri. Dzuwa lake liti? Ndithandizeni, nditani?

Mayi a mapasa

Pepani achemwali. Tengani ndimu, finyirani mu soda pang'ono, muzipaka m'mawa uliwonse musanapite kumsika. Mnzanga zinamuthera.

Namwino wopuma ntchito

Mayi a mapasa, chonde ayi. Madzi a ndimu akakhala pakhungu kenako n'kuombedwa ndi dzuwa amawotcha, ndipo pamene papsapo pamasiya banga lakuda loti litenga miyezi kuti lichoke. Pankhope yoti yapyapyala kale ndiye kuthira mchere pachilonda.

Mwini funso, mwana wanga, sindingakupimeni pafoni, koma momwe mwalongosoleramu zikufanana ndi zomwe kuchipatala amati melasma. Zimakonda amayi, makamaka ife akhungu lakuda, ndipo zimadzutsidwa ndi mahomoni pamodzi ndi dzuwa. N'chifukwa chake zinayamba muli oyembekezera. Ena zimawayamba akamamwa mapiritsi olera. Kutentha kwa moto nakonso kumaziwonjezera, ngati mumakazinga tchipisi kapena mandasi pambaula mudziwe zimenezo. Si matenda opatsirana, si khansa, ndipo palibe anakulodzani.

Chondidetsa nkhawa ine ndi kachubuko. Tawerengani timalemba ting'onoting'ono tili pambali mutiuze.

Membala wobisa dzina

Amayi, ndatuma mwana kuti awerenge, maso angawa ayamba kukana. Akuti palembedwa clobetasol propionate 0.05%. Kabotolo kaja palibe chilichonse cholembedwa.

Namwino wopuma ntchito

Ndimaganiza choncho. Clobetasol ndi mankhwala a gulu la steroid, amodzi mwa amphamvu kwambiri opaka pakhungu. Dokotala amawalemba pa matenda a pakhungu ovuta kuchiza, kwa masabata ochepa, ndipo kawirikawiri osati kumaso. Inu mwapaka miyezi khumi. Kupyapyala kwa khungu, timitsempha ndi tiziphuphu mukunenazo ndi ntchito yake imeneyo. Amene amadzola thupi lonse kwa nthawi yaitali mankhwalawa amalowa m'magazi, ena mpaka shuga ndi BP kukwera. Kutupa ndi kuyabwa mukasiya ndi khungu lomwe lazolowera, likulira. Musapirire nokha kunyumba n'kumabwererabwerera. Nyamulani kachubuko ndi kabotolo komwe, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, mukawaonetse. Iwo akuuzani kasiyidwe kake, nthawi zambiri amachepetsa pang'onopang'ono. Yambirani pachipatala cha boma chapafupi, akaona kuti n'zofunika akutumizani kwa a zakhungu. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queens ku Blantyre kuli makiliniki a khungu.

Musaope kukalipiridwa. Si inu oyamba kufika ndi kachubu m'chikwama.

Mlongo wa ku Joni

Asisi, mverani amayiwa. Ine ndimagwira ntchito mu saluni kuno ku Johannesburg ndipo nkhope zotere ndimaziona pafupi, ndikamaluka. Za m'kabotolo kopanda dzinazo nthawi zambiri mumakhala hydroquinone, mankhwala oyeretsa khungu, mwinanso mercury amene amawononga impso. Hydroquinone ukadzola zaka, m'masaya mumada bii, kuda kotuwira ngati mwaye wa pamphika, khungu n'kukhala ndi timiyalamiyala. Amati ochronosis, ndipo imeneyo kuchoka kwake n'kovuta kwambiri. Kuno South Africa analetsa hydroquinone m'mafuta odzola kale mu 1990 chifukwa cha amayi ambiri amene anaonongeka nkhope, komabe zimalowa mozemba ndipo zimagulitsidwa m'misewu. Kabotoloko musapakenso ngakhale usiku uno.

Bambo wongodutsa

Nkhope Fanta, miyendo Coca-Cola. Mumafuna chiyani kodi azimayi? Mulungu anakupatsani khungu labwinobwino.

Mayi a mapasa

Achimwene, mayiwa sanafune kuyera, amafuna kuchotsa zigamba. Komanso amene mumatembenuza khosi akadutsa woyera ndinu omwe. Dutsani ndithu.

Wa ku famase, Zomba

Ine ndiyankhe za sunscreen, poti ndi zimene mwafunsa ndipo ndimagulitsa tsiku ndi tsiku.

Mwana wanu akunena zoona. Khungu lakuda limadziteteza ndithu kuposa loyera, n'chifukwa chake sitisupuka msanga padzuwa. Koma chitetezo chimenecho sichokwanira, ndipo kwa ife dzuwa limaonekera mwa njira ina: mabanga, kuda kosiyanasiyana, chipsera cha kachiphuphu kukhala chaka osachoka. Melasma ndiye ngakhale mupatsidwe mankhwala abwino bwanji, mukapitiriza kuima padzuwa opanda chotchinga ibwerera basi.

Zoti ku Lizulu kumazizira zisakunamizeni. Chowononga khungu ndi cheza cha dzuwa chotchedwa UV, osati kutentha. Chezacho chimakula mphamvu kumalo okwera, ndipo chimadutsa m'mitambo. Munthu wa ku Nsanje amathawira pamthunzi chifukwa thupi lamuuza, pomwe inu a kumapiri kamphepo kamakupusitsani n'kumawothera dzuwa tsiku lonse. Nthawi yoopsa kwambiri ndi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo.

Pogula yang'anani palembedwe SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu yotchingira dzuwa), komanso UVA ndi UVB zonse ziwiri, imene ndi mitundu iwiri ya cheza cha UV chija. SPF 30 imatchinga pafupifupi 97 peresenti ya UVB, SPF 50 pafupifupi 98, ndiye musalowe ngongole chifukwa cha nambala yaikulu. Chachikulu ndi kapakidwe. Finyirani mzere kutalika kwa zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, imeneyo ndiyo ya nkhope ndi khosi. Ambiri amapaka kadontho ngati akupaka mafuta a mlendo, kenako n'kumati sagwira ntchito. Pakani musanatuluke m'nyumba, mubwerezenso pakatha maola awiri ngati muli panja, makamaka mukatuluka thukuta.

China: amene ali ndi zinc oxide kapena titanium dioxide ndi ofatsa pakhungu lonyenyeka ngati lanulo, koma ambiri amasiya nkhope ili mbuu ngati mwagwa m'chigayo. Mukapeza okhala ndi mtundu wofiirira ngati wa ufa wodzola kumaso, olembedwa iron oxide, amenewo ndiye abwino kwa melasma, chifukwa amatchinganso kuwala wamba kumene timaona ndi maso, komwe nakonso kumadetsa zigambazi.

Membala wobisa dzina

Zikomo kwambiri. Koma abale, mwana wanga wanditumizira mtengo wake, kabotolo kamodzi ndi phindu la thumba lathunthu la mbatatesi. Ndiye kupaka maola awiri aliwonse? Fizi ya mwana ndilipira ndi chiyani? Ndipo manja anga amakhala ndi dothi tsiku lonse.

Wa ku famase, Zomba

Ndakumvani mayi, ndipo sindikunamizani kuti ndi otchipa. Chitani chonchi: sunscreen asungireni nkhope, khosi ndi kuseri kwa manja basi, kwina konse kutchingidwe ndi nsalu. Pakani m'mawa, mubwereze masana mukasamba m'manja kuti mudye. Kawiri n'kwabwino kusiyana ndi kusapaka. Botololo musalisiye padzuwa pabenchi, limaonongeka, ndipo onani deti lothera ntchito musanalipire.

Agogo a ku Dedza

Ana inu mumaiwala chipewa. Ife tinalima moyo wathu wonse ndi chipewa cha mlaza cha khonde lalikulu. Duku limaphimba tsitsi lokha, masaya amakhala pamtetete. Kapusi nayonso imasiya masaya ndi makutu. Mangani duku, pamwamba pake chipewa, muike kachingwe kapakhosi kuti chisauluke pothamangira basi. Malaya a manja aatali a pakaunjika, ansalu yothithikana, osati yoonekera mkati. Ambulera yaikulu muimangirire pabenchi. Zimenezi mugula kamodzi. Za kuuma kwa khunguzo, ife timadzola mafuta a nsatsi tikangochoka kosamba thupi lisanaume.

Namwino wopuma ntchito

Agogo anena zenizeni, makamaka pa mawu akuti thupi lisanaume. Mayi akamayandikira kusiya kusamba, mahomoni a estrogen amatsika, khungu limachepa mafuta ndi madzi, limapyapyala, makwinya n'kuyamba. Madokotala a khungu amati m'zaka zisanu zoyambirira munthu atasiya kusamba khungu limataya pafupifupi 30 peresenti ya collagen, chimene chimalimbitsa khungu kuti likhale lokungika. Ndiye pa msinkhu wathu uno sopo wochapira zovala asafike kumaso, madzi akhale ofunda osati otentha, ndipo mwala kapena chinkhupule zisiyireni zidendene. Kukhula nkhope kumadetsa zigamba, sikuzichotsa. Glycerine wosakaniza ndi madzi pang'ono kapena Vaseline usiku n'zokwanira. Koma dziwani kuti Vaseline, nsatsi ndi mafuta a kokonati satchinga dzuwa.

Funso lina: mukumwa mankhwala ena alionse? Ena amachititsa khungu kupsa msanga padzuwa, monga HCT wa BP, doxycycline ndi Bactrim.

Membala wobisa dzina

Ii, HCT ndimamwa, chaka chachitatu chino. Ndisiye?

Namwino wopuma ntchito

Ayi ndithu, musasiye. BP yosamwera mankhwala imabweretsa sitiroko. Ingowauzani adokotala tsiku lomwelo, aone okha. Muwaonetsenso ngati pali kuda kokhakhala kozungulira khosi ngati mkanda ndi kuseri kwa manja, chifukwa kumeneko kumatha kukhala pellagra, matenda obwera thupi likasowa vitamini wotchedwa niacin, ndipo amakonda ife odalira nsima ya chimanga. Mankhwala ake ndi ena.

Mlamu wa ku Nampula

Kwa apongozi anga kuno ku Mozambique amayi a Chimakua amapera mtengo wa mussiro pamwala ndi madzi, n'kupaka nkhope yonse kuyera mbee, amatero popita kumunda kapena kunyanja. Ndiye zoti kuteteza nkhope ku dzuwa ndi zachizungu ine ndimakana. Kungoti pa Lizulu mukapaka zimenezo makasitomala athawa.

Mphunzitsi wa ku Salima

Ine ndili ndi zaka 52, melasma ndakhala nayo zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikuuzeni zoona kuti musakhumudwe: sinathe, inangozilala. Adokotala anandipatsa azelaic acid, ndinapaka miyezi itatu ndisanaone kusintha kulikonse. October akafika, ndikangotayirira sabata imodzi poyang'anira ana pabwalo, zigamba zimadzukanso. Ndinasiya kulimbana nazo kuti zitheretu. Chimene ndinapindula n'chakuti nkhope inasiya kuyaka ndipo ndimajambulitsa pa ukwati osabisala kumbuyo kwa anthu.

Ndiwonjezere kwa tonse muno: tiziyang'anako kumapazi, m'manja ndi pansi pa zikhadabo. Khansa ya pakhungu ya melanoma kwa anthu akuda imakonda kubisala kumeneko, malo oti dzuwa silifikako n'komwe. Bob Marley inamuyamba pansi pa chikhadabo cha chala chakuphazi, anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36. Banga limene likukula, kusintha maonekedwe kapena kutuluka magazi, kapena chilonda chosapola, musadikire.

Membala wobisa dzina

Ndabwera kudzathokoza. Lachiwiri ndinapita kuchipatala ndi zonse m'jumbo. Kabotolo kaja anandilanda, kachubu anandisinthira ndi mankhwala ofooka oti ndizichepetsa, ndibwererenso pakatha masabata anayi. HCT akuti ndipitirize kaye. Nkhope pakadali pano yatupa ndipo ikuyabwa, usiku ndimaika kansalu konyowa. Chipewa ndagula, anzanga pamsika akunditcha kapitawo wa pa esiteti. Sunscreen mwana wanga atumiza pa basi mwezi ukatha.

Mayi anandigulitsa mafuta aja timagulitsa moyandikana, ndipo nawonso amadzola omwewo pamodzi ndi mwana wawo wa zaka 19. Ndiwayambe bwanji osayambana?

Agogo a ku Dedza

Musawauze pagulu. Apezeni kunyumba madzulo, muvule chipewacho, aone okha masayawo.