Mkulu wanga wabwezeredwa pa Mgonero, koma mtima wanga ukukana

Wofunsa, wa ku Chiparamba:

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo. Zaka zitatu zapitazo ine ndi amayi athu tinagulitsa nshawa zathu zonse pamodzi ndi mbuzi ziwiri, ndipo ndalamazo tinapatsa mkulu wanga kuti akatigulire fataleza ndi mbewu ku Chipata. Anabwerako patapita masiku anayi ali chimanjamanja, ndipo pambuyo pake tinamva kuti zonse zinathera ku mowa. Chaka chimenecho chimanga chathu chinachita chikasu chisanafike m'chiuno, nkhokwe inatha mu Seputembala, ndipo amayi athu, okalamba monga alili, anapita kukapalira minda ya eni kuti apatsidweko gaga.

Mpingo unamuimitsa pa Mgonero. Lamulungu lapitali anaimirira pamaso pa anthu, analapa misozi ili m'masaya, ndipo analandiridwanso, abusa nalalikira za chisomo chimene sitichigula ndi ntchito zathu. Sindikukana kuti Mulungu amakhululuka, koma pamene ndinamuona akulandira mkate umene ine ndakhala ndikulandira osadumphitsa kwa zaka makumi awiri, pakhosi panga panauma. Kodi chisomo ndi chilungamo zimakumana pati, ngati wolakwa achoka atapepukidwa, wolakwiridwa n'kutsala ndi katundu pamutu?

Mkulu wa mpingo, Katete:

Mbale wanga, mwachita bwino kunena zimene ambiri amabisa. Funso lanu ndi lomwe anafunsa aganyu a pa Mateyu 20, amene analowa m'munda wamphesa m'mamawa atapangana malipiro a tsiku, kenaka n'kuona anzawo amene anagwira ola limodzi lokha akulandira chimodzimodzi. Ife a kuno timadziwa ganyu, ndipo tikudziwa kuti mwini munda aliyense amawerenga mizere, n'chifukwa chake fanizoli limatiwawa. Koma taonani kuti mwini mundayo sanabere aliyense: oyamba analandira zonse zimene anapangana, ndipo chimene chinawapweteka chinali ubwino umene anachitira ena.

Ndikufunseni mwaulemu za zaka makumi awiri zimene mwatchulazo. Ngati ndizo zimene zimakupatsani malo pa gome la Ambuye, ndiye kuti mukulandira malipiro. Paulo pa Aefeso 2:8-9 akuti tinapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, ndipo ndi mphatso ya Mulungu yosachokera ku ntchito, kuti wina asadzitamande. Inu ndi mkulu wanu munalowera pa khomo limodzi. Kumbukiraninso kuti pa Luka 15 atate sanathamangire mwana wolowerera yekha, anatulukanso panja kukadandaulira mwana wamkulu amene anakana kulowa m'nyumba, namuuza kuti zonse zimene ali nazo ndi zake.

Mayi wa Chigwirizano, Kapata:

Bambo a ku Katete, zimene mwanena ndi zoona, koma ndikuopa kuti tingamusenzetse mbaleyu mlandu wa nsanje pamene amene anadya gaga ndi iye ndi amayi ake. Ndaona kangapo munthu akulapa kwa Mulungu pagulu, anthu n'kululutira, koma pakhomo pa amene anamulakwira osapondapo phazi. Makolo athu anati mlandu suola, ndipo Baibulo silinatsutse zimenezo.

Tiyeni tione bwino nkhani ya Zakeyu pa Luka 19. Yesu ndiye anayamba, anamuitana atsike mumkuyu nati akhala kunyumba kwake, Zakeyu asanalonjeze kanthu kalikonse. Chimenecho ndicho chisomo, ndipo anthu anang'ung'udza monga mmene mbale wathuyu akuchitira. Koma chisomocho chitalowa m'nyumba, munthuyo anaimirira nati apereka theka la chuma chake kwa osauka, ndipo amene anawalanda awabwezera kanayi. Sanagule chikhululukiro ndi ndalamazo, pakuti anali atalandiridwa kale, koma sakanathanso kugona pa chuma cha eni. Pa Mateyu 5:23-24 Ambuye akutinso ukakumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, usiye mtulo wako pa guwa, uyambe wakayanjana naye. Tsono mwana wanga, ndikufunse: kodi mkulu wakoyo anabwerapo kwa iwe ndi kwa amayi? Kodi akulu a mpingo anakufunsani inu a pabanja asanamubwezere? Ngati sanatero, uli ndi ufulu wopita kwa iwo ndi kuwauza modzichepetsa kuti ntchito yawo yatsala theka.

Mphunzitsi wopuma, Petauke:

Ndingowonjezera kuti nkhawa imeneyi ndi yakale. Katekisima wa Heidelberg wa 1563, amene timavomereza ife a mpingo wa Reformed wa mu Zambia, umene unayambira pa Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, amafunsa pa funso 64 ngati chiphunzitso cha chisomo sichichititsa anthu kukhala osasamala, ndipo amayankha kuti n'kosatheka kuti munthu wolumikizidwa kwa Khristu asabale zipatso za chiyamiko. Davide anakhululukidwa Natani atamudzudzula pa 2 Samueli 12, komabe zowawa za tchimo lake sizinachoke m'nyumba mwake. Kukhululukira mkulu wanu sikukutanthauza kuti chaka chino mumupatsenso ndalama za fataleza.

Wofunsa, wa ku Chiparamba:

Zikomo nonse. Amayi a ku Kapata, funso lanu landigwira, chifukwa pali chimene sindinanene. Mvula yoyamba itagwa chaka chatha, ndinadzuka m'bandakucha n'kupeza mkulu wanga ali m'munda wa amayi ndi ng'ombe zobwereka, atalima kale pafupifupi theka, ndipo anabweranso kudzapalira kawiri osauza munthu. Ine ndinachiyesa chinthu chochepa poyerekeza ndi zimene tinataya, ndipo sindinamupatse ngakhale moni. Za ndalama sanatchulepo kwa ine mpaka lero, ndipo zimenezo zikundiwawabe. Amene anayamba kululutira Lamulungu lija anali amayi athu omwewo, ndipo nditawafunsa madzulo anangoti chibale ndi fupa, sichiola. Ndalankhula ndi amalume kuti atikhazike pansi Loweruka likubwerali pakhomo pa amayi, ndipo ndapempha mkulu wa mpingo mmodzi kuti adzakhalepo.