Tubeless komanso kukwera zitunda: ndithandizeni nzeru

Anzanga okonda kupalasa njinga m'mapiri, ndili ndi mafunso awiri.

Njinga yanga ndi hardtail (ya ma shock kutsogolo kokha) ya matayala a mainchesi 29, magiya ake 1x12 (imodzi kutsogolo, 12 kumbuyo) a Shimano Deore. Chandisowetsa mtendere ndi machubu. Ndikachepetsa mpweya kuti tayala lizigwira bwino pamiyala, chubu chimapanikizika pakati pa limu ndi mwala n'kuboola timabowo tiwiri ngati polumidwa ndi njoka. Ndikapopa kwambiri, njinga imangodumphadumpha, lakumbuyo n'kumaterereka. Ndiye ndikuganiza zosinthira ku tubeless, matayala opanda chubu.

Malimu anga ndi olembedwa kuti tubeless ready, ndipo ndikudziwa kuti pafunika tepi, mavavu ndi sealant (madzi omata otseka timabowo m'tayala). Koma kodi pampu wamba yoponda pansi ingathe kukhazika tayala pa limu, kapena mpaka kompuresa? Nanga sealant mumawonjezera pakapita nthawi yaitali bwanji, poti amauma msanga kukatentha? Za mpweya ndiuzeninso ma psi amene mumaika kutsogolo ndi kumbuyo, koma mutchule kulemera kwanu, chifukwa ineyo si wochepa thupi ayi.

Lachiwiri ndi zitunda zikuluzikulu. Ndikakhala pachishalo, tayala lakutsogolo limanyamuka. Ndikaimirira, lakumbuyo limangozungulira pamalo amodzi. Kusendera kunsonga kwa chishalo n'kutsitsa chifuwa kumathandizako, koma ndisanafike pamwamba ndimakhala nditatheratu mpweya. Pamenepa chikuchepa ndi luso kapena mphamvu? Amene mumachita ma interval (kupalasa mwamphamvu kwa kanthawi n'kupumulako, mobwerezabwereza), mumawachita kangati pa sabata osatopetsa miyendo?

Za dropper post (chitsulo chokwezera ndi kutsitsira chishalo uku ukupalasa) musandiyambitse kaye, thumba silikulola.